Katundu wa M'bokosi la Dailesi

Ndinadzuka kusanache, sitima ya katundu ikulira cha kusiteshoni. Kunena kuti ndinadzuka n'kungokometsa nkhani, chifukwa pamaliro munthu sugona, umangotsinzina mpaka wina akuponde mwendo popita panja. Tinali titathithikana pamphasa m'nyumba ya mkulu wanga Dailesi ku Nangongwe, amayi okhaokha, mipando yonse itatulutsidwa. Unali mwezi wa Julaye. Nditatsegula chitseko ndinapeza nkhungu ya kumtsinje yakuta komboni yonse, moti nyumba ya aneba inkangooneka denga.

Usiku wonse nyimbo sizinadukize. Amayi a mpingo wathu ankayimba zawo zakale zija zokoka, akatopa n'kulandira achinyamata a Chipentekosite, anzake a Tisa mwana wa malemu, amene anabwera ndi kiyibodi ndi sipika yaikulu ngati kabati. Tsopano onse anali ziii. Abambo anali atazungulira chipika cha moto pafupi ndi tenti, makhoti mpaka m'makutu, ena akuwodzera, ena akukambirana za mpira motsitsa mawu ngati kuti sitikumva.

Dailesi ndiye anali woyamba kubadwa, ine ndinamuponda pamutu. Bambo athu anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo tonse tinabadwira kuno ku Kafue. Ndinene msanga, popeza mphekesera zinayenda kwambiri: mkulu wanga sanaphedwe ndi munthu. Anadwala impso nthawi yaitali, ndipo ndinali pambali pake pamene ankatsirizika. Koma zoti anali ndi adani n'zoona, ndipo ena a iwo m'mawa umenewo anali pamoto paja akumwa tiyi wathu.

Ntchito yake inali yojambula zithunzi. Anayamba ndi kastudiyo pafupi ndi msika, kujambula maukwati ndi tizithunzi ta pa ziphaso. Tsiku lina mayi wina amene ankalandidwa puloti ndi munthu wa chipani anamupempha kuti akajambule mpanda wake ukhale umboni, ndipo Dailesi anamuperekeza mpaka kukhoti. Anabwerako ali munthu wina. Kuyambira pamenepo, akangomva kuti kwinakwake kuli mlandu wokhudza akuluakulu, ankatseka studiyo n'kukwera basi, ngakhale ukhale ulendo wa tsiku lonse. M'kati mwa khoti salola kujambula, choncho iye ankajambula zapabwalo. Anajambula anyamata ovala malaya a chipani atadzaza khonde la khoti lina, mboni zitaima patali pansi pa mtengo zikuopa kudutsa. Anajambula mawindo oswedwa a nyumba ya woweruza. Anajambula woweruza wamkazi ali pasiteshoni ya basi, matiresi pambali, mkanjo wake wakuda uli m'pulasitiki, atasamutsidwira kutali chifukwa chogamula mlandu mosakomera anthu ena. Olamulira anasintha iye akujambulabe. Ankati chomwe chimasintha ndi mtundu wa malaya a anyamata aja basi.

Kastudiyo kaja anthu ena anakathyola, n'kutenga kamera ndi kompyuta, wailesi yatsopano n'kuisiya pomwepo. Zomwe zinapulumuka ndi zithunzi zomwe anali atatsukitsa kale, zazikulu ngati kalendala, zoti akaonetse ku Lusaka. Chionetserocho sichinachitike. Holo ina inati denga likudontha, mvula itatha kalekale. Ina inati makiyi asowa. Zithunzizo zinakhala m'sutikesi pansi pa bedi lake mpaka tsiku lomwe anamwalira, ndipo kwina kulikonse kunalibe zina.

Dzulo lake la tsiku loika maliroli, madzulo, amalume athu, mlongo wa mayi, amene ndiwo mwini mbumba chimwalirireni makolo athu, anatiitanira kuchipinda n'kugamula kuti zithunzi zonse zilowe m'bokosi, zipite ndi mwini wake. Chifukwa anali nacho. Tisa anali atamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo ankadikira kulembedwa ntchito ya boma. Komanso mkulu wa chipani wa m'dera lathu, amene tonse timangomuti ba Cheyamani, ndiye anatibweretsera tenti, matumba a ufa ndi malole onyamula anthu, ndipo anali atawanong'oneza amalume kuti maliro akhale a mtendere. Ine ndinakana, ndinalira, ndinalankhula mawu amene mwana wa mlongo sayenera kulankhula kwa malume ake. Iwo anangoti, "Iwe, wakufa sadya nshima. Wamoyo ndiye afuna nchito." Tisa anangoyang'ana zala zake. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera usiku wonse osakoma.

Ndiye m'mawa umenewo ndikusukusula kuseri kwa nyumba, amalume anandipeza atanyamula mtolo wokutidwa m'chitenje. Ine ndinali mmodzi wa opita kumotchale kukasambitsa thupi. Anandiuza kuti ndikaike kumiyendo, pansi pa nsalu, ndipo ndisauze munthu. Ndinalandira ndi manja awiri monga tinaphunzitsidwira, koma mumtima ndinali nditapsa. Mtolowo unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Kuseriko moto wophikira unali utayaka kale, madiramu a madzi ali pamafuwa, amayi akudula kabichi m'mabafa, utsi ukukanika kukwera chifukwa cha nkhungu. Ufumu wa kumeneko unali wa achimbuya. Kuno ku Zambia ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chibale cha nthabwala chimene timachitcha chimbuya. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani ndiponso kuti ndi akuba. Maliro akagwa kwathu, iwo ndiwo amaphika, kusambitsa ndi kunyamula bokosi, ndipo amaloledwa chilichonse: kutinyoza, kutithira ufa kumutu, ngakhale kuseka wakufayo. Mbuya sakwiyiridwa pamaliro. Ukamukwiyira, anthu amakuseka mpaka nawenso tsiku lako lidzafike.

Mtsogoleri wawo anali bana Mwila, ndiye kuti amake a Mwila m'Chibemba, wogulitsa nsomba pamsika, mnzake wa Dailesi wa ponda apa nane mpondepo, mayi wa mawu omveka kutsidya kwa njanji. Anali atavala jekete ya Dailesi ya matumba ambirimbiri, m'khosi atakoleka chitini cha mafuta ophikira ngati kamera. Ankagwada bondo limodzi patsogolo pa amayi odula kabichi, diso limodzi atatsinzina, ndendende mmene ankachitira malemu, ndipo amayiwo ankaseka uku akupukuta misozi. Atandiona ndi mtolo wanga anatsitsa chitini chija.

"Nanga icho ni chani, iwe wakudya mbeba?"

"Ni vovala," ndinanama.

"Vovala va makona?" anatero, n'kubwerera kumoto osadikira yankho.

Kumotchale tinapita amayi ochepa, achibale ndi achimbuya. Za kumeneko sindinena zambiri. Tinamusambitsa, tinamuveka diresi yake ya buluu, ndipo ine ndinamupesa tsitsi monga ndinkachitira tili ana, iye akudandaula kuti ndikumukoka. Atamugoneka m'bokosi ndinatsegula nsalu ya kumiyendo, ndinaika mtolo uja, n'kuphimbanso bwinobwino. Ndinamupepesa chamumtima. Ntchito ya zaka zonse zija ndinali kuikwirira ine mng'ono wake, ndi manja anga, ndipo ndinalira kulira kwa mkwiyo, kosiyana ndi kwa masiku apitawo. Bana Mwila anandikankhira kuchitseko pamodzi ndi achibale ena onse. Anati talira zakwana, timunyowetsa munthu wovala kale, ndipo zotseka bokosi ndi zawo. Umenewo ndi mwambo ndithu, choncho tinatuluka n'kukadikira padzuwa lomwe linali litayamba kuboola nkhungu.

Kutchalitchi tinapeza anthu osefukira mpaka panja. Amsika anabwera ndi maepuloni awo. Panali makondakitala a maminibasi, aphunzitsi, ndi mabanja amene Dailesi anawajambula pa ukwati wawo, tsopano ali ndi ana aatali kuposa iwo. Panali maloya ochokera ku Lusaka, nsapato zawo zonyezimira zitayera ndi fumbi la ku Nangongwe. Ndiye panali anthu ena amene sitinkawadziwa konse, ovala mwachimudzi, okhala chete kumbuyo, ooneka kuti agona m'basi. Ba Cheyamani anakhala pampando wakutsogolo ndi suti yakuda bii, kuusa moyo mokweza kuti tonse timve chisoni chawo.

Amalume anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuti zatheka. Msuweni wathu wina anawerenga mbiri ya malemu. Anatchula sukulu zonse, anatchula ubatizo, kenako anati anali wojambula maukwati wodziwika bwino mu Kafue, n'kukhala pansi. Basi. Makhoti onse aja, mabasi onse aja, osatchulidwa ngakhale m'chiganizo chimodzi. Ndinaona loya wina akuyang'ana pansi. Ine ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere.

Panalinso chinthu china chochititsa manyazi. Pamaliro a kuno, patsogolo pa bokosi pamayenda munthu wonyamula chithunzi cha malemu. Ife tinasaka nyumba yonse osapeza chithunzi cha Dailesi, kupatula kakang'onong'ono ka pa chiphaso, kojambulidwa ali mtsikana. Moyo wake wonse iye anali kuseri kwa kamera. Choncho bokosi linatuluka m'tchalitchi patsogolo pake pali mtanda wokha.

Panja nkhungu inali itatha, kuli dzuwa loyera ndi mphepo yozizira youlutsa fumbi. Bokosi linalowa m'galimoto, anthu n'kuyamba kukwera malole a ba Cheyamani. Apo m'pamene bana Mwila anakwera pakhonde la tchalitchi atasenza beseni lake la nsomba, lovundikiridwa ndi saka. Analitula pansi, n'kuomba m'manja kuti anthu atembenuke.

"Imwe bakum'mawa, nsoni mulibe? Muntu anakopa mapikicha ziko yonse, imwe pikicha yonyamula olo imozi mulibe! Manje ise tabweletsa."

Anachotsa saka lija. Ndinazindikira chitenje chija nthawi yomweyo. Bana Mwila anamasula mtolo n'kuyamba kugawa zithunzi ngati mmene amagawira nsomba zotsala madzulo. Achimbuya anzake anali atafola kale, aliyense kulandira chake n'kuchikweza pamwamba pa mutu. Anthu amene anali atakwera malole anaimirira kuti aone. Khonde lija la anyamata a chipani, mawindo oswedwa aja, zonse zinali poyera pabwalo la tchalitchi, dzuwa likuswa mtengo.

Amalume anathamanga, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akuthamanga chipumireni pantchito.

"Bana Mwila, ni chani ichi? Mwavichosa kuti?"

"Taba!" anayankha mokuwa kuti aliyense amve. "Si ndimwe mukamba ati Babemba ni bakawalala? Lelo mwazionela mweka."

Ndipo anapisa m'thumba la jekete ija, n'kutulutsa ufa wodzaza dzanja, waa pamutu pa amalume. Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Amalume anaima pomwepo, ufa uli m'nsidze, pakamwa pali yasa. Akanatani? Kukwiya sakanatha, mwambo ndi womwewo umene iwo amatiphunzitsa.

Ba Cheyamani anabwera mwaulemu, manja kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amai, aya ni malilo, si kampeni." Anaiwala chinthu chimodzi, kuti nawonso ndi akum'mawa, kwawo ndi ku Petauke. Bana Mwila anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, n'kunena kuti, "Ah, kansi na iwe ndiwe wa mbeba." Anawapaka ufa ndi manja onse awiri, kuyambira pamapewa kutsika pachifuwa, mosamala ngati akudzoza mwana mafuta. Ufa wawo womwe anabweretsa okha uja. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ba Cheyamani anaseka nawo ndi mano okha, n'kupita kuseri kwa tchalitchi foni ili kukhutu. Pasanapite nthawi madalaivala a malole anayamba kuuza anthu kuti atsike, magalimoto akufunika kwina.

Kuseka kunatha. Malole anatuluka pageti opanda kanthu, n'kutisiyira fumbi. Kumanda n'kutali ndithu, ndipo pakati pathu panali okalamba ndi amayi obereka ana. Ena mwa amene anakweza zithunzi anayamba kuzitsitsa pang'onopang'ono. Achibale tonse maso anali pa Tisa, chifukwa tinkadziwa kuti zithunzizo zimakwiriridwa chifukwa cha iye. Ndinaopa, ndisaname. Akanangoti zibwerere m'bokosi, palibe akanakana, ngakhale bana Mwila amene.

Tisa anayenda kupita pabeseni paja. Anasankhasankha n'kutenga chithunzi cha woweruza wamkazi wa pasiteshoni ya basi uja. Podutsa pa amalume anaima, n'kuwerama pang'ono mwaulemu.

"Agogo, nchito nizaipeza olo nisaipeze. Koma ba mami tibaika kamozi chabe."

Anakaima patsogolo pa galimoto ya bokosi, pamalo a wonyamula chithunzi cha malemu, n'kuyamba kuyenda. Dalaivala anatsatira pambuyo pake pang'onopang'ono. Ine sindikumbukira kuti ndinatola liti chithunzi, ndinangopezeka ndachikweza, ndikuyenda.

Tinatuluka mu Nangongwe wapansi, zithunzi zikuyang'ana kunja kuti a m'mbali mwa njira aone. Mphepo inkazipinda, choncho ambiri anagwira awiriawiri. Poyamba anthu ankangoima mwaulemu monga achitira maliro akamadutsa, abambo kuvula zipewa, amayi kukhala pansi. Kenako anayamba kusendera pafupi. Wometa tsitsi wina anatuluka ndi makina ake m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu wometedwa theka. Mayi wina wogulitsa tomato analoza chithunzi chomwe ndinanyamula ine, cha mboni zoima pansi pa mtengo, n'kufuula kuti wa malaya oyerayo ndi mchimwene wake. Anasiyira mnzake tomato uja n'kulowa mumzere. Achinyamata anakweza mafoni awo kujambula zithunzizo chimodzichimodzi, akuyenda chafutambuyo patsogolo pathu.

Pofika pamsika tinali titachuluka moti kumbuyo sikunkaonekanso. Madalaivala a maminibasi a ku Lusaka, anthu amene ine ndimakangana nawo tsiku lililonse chifukwa chothithika anthu ngati matumba a makala, anachoka pamzere wawo n'kuyamba kunyamula okalamba athu. Kondakitala wina anawanyamula amalume m'khwapa ngati mwana n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, ufa uli mbuu m'tsitsi. Maminibasi anatsatira pambuyo pathu nyali zitayatsidwa masana, akuliza mahutala motsatana ndi nyimbo.

Pamsewu waukulu panali wapolisi wa pamsewu. Anatiyang'ana tikubwera, anayang'ana zithunzi, ndipo sindingadziwe zomwe ankaganiza. Analowa pakati pa msewu, anakweza dzanja, n'kuimitsa magalimoto mbali zonse ziwiri. Mathiraki opita kumalire anandandalika mpaka kutali, madalaivala awo atatulutsa mitu m'mawindo, akuyang'ana ntchito ya mkulu wanga ikudutsa pansi pawo. Wapolisiyo anavula chipewa mpaka womaliza atawoloka. Holo za ku Lusaka zija sizikanakwana anthu amene anaona zithunzizo tsiku limenelo.

Titangowoloka, mayi wina mwa alendo osadziwika aja anatuluka m'khamu n'kukayenda pambali pa Tisa. Anali wowonda, wa imvi m'mbali mwa duku, wovala chitenje wamba. Anayenda akuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Mphepo itachipinda, iye anagwira ngodya imodzi, ndipo sanaisiyenso. Maloya ndiwo anayamba kumuzindikira, ndinawaona akukodolana n'kusendera kukayenda pambuyo pake. Kenako nkhani inayenda mumzere kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti mayi wagwira chithunziyo ndi yemwe ali m'chithunzimo. Anali atayenda usiku wonse kuchokera komwe anamuponya kuja.

Sindikudziwa amene anasintha nyimbo. Tinayamba ulendo ndi nyimbo yokoka ya amayi a mpingo, koma tinafika pageti la manda ndi nyimbo yothamanga ya achinyamata aja, anthu akuomba m'manja, achimbuya akuvina patsogolo, bana Mwila akugwada apa ndi apo ndi chitini chake. Amayi ena analuluta. Chibadwire ndinali ndisanamvepo nthungululu pa ulendo wa kumanda. Ndinapezeka ndikuseka misozi ikutsika, ndipo ndinali wonyada, wonyada kwambiri, moti ndinkalakalaka kuuza aliyense wodutsa kuti ali m'bokosimo ndi mkulu wanga.

Kumanda anthu anazungulira dzenje, onyamula zithunzi ataima kutsogolo. Abusa anapemphera, bokosi linatsika, anyamata n'kuyamba kulandirana mafosholo, fumbi lofiira likutilowa m'maso. Amalume anali ataima okha manja ali lende. Bana Mwila anawapatira chithunzi chimodzi pachifuwa, n'kuti agwire, manja asamangokhala chabe. Anachigwira chozondotsa, chikuyang'ana pansi. Nthawi yoika maluwa ndinawaona atachitembenuza, achotsa magalasi, awapukuta ufa, avalanso.

Atamaliza kukwirira, abusa anapempha mayi woweruza uja ngati ali ndi mawu. Sanatalikitse. Anati, "Siku ija pa siteshoni ninaganiza kuti palibe anaona. Uyu mai anaona." Anaika duwa lake n'kubwerera pakati pa anthu.

Amalume ndiwo anathokoza m'malo mwa banja. Anathokoza mpingo, aneba, madalaivala a maminibasi, ndi amene anatithandiza ndi tenti ndi ufa, ngakhale mwini wake sanaonekenso. Atafika pa achimbuya anati akuba ngati amenewa sanawaonepo, oba mpaka m'bokosi la maliro. Anthu anaseka, achimbuya n'kululuta ngati ayamikiridwa.

Tikubalalika, ine ndinayamba kuyenda pakati pa anthu kuti nditolere zithunzi zibwerere m'sutikesi. Bana Mwila anandigwira mkono. "Mu nyumba imozi bangabwele kutenga futi. Manje bayende nyumba na nyumba, Kafue yonse, tione." Ndinayang'ana Tisa, iye n'kuvomera ndi mutu. Choncho aliyense anapita ndi chomwe ananyamula. China chinapita ndi wometa uja, china ndi mayi wa tomato, zina zinakwera minibasi ya ku Lusaka pamiyendo pa maloya. Cha pasiteshoni ya basi chija Tisa anachipereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Zinandipweteka pang'ono kuziona zikumwazikana, koma ndinadziwa kuti palibenso amene angazisonkhanitse kuti azikwirire.

Kunyumba tinasamba m'manja pageti n'kulowa. Tinapeza anyamata a ba Cheyamani akuzula tenti anthu asanadye n'komwe. Palibe anadandaula. Anthu anakhala padzuwa, lomwe mu Julaye ndi lokoma kuposa mthunzi, n'kudya nshima yawo ndi kabichi ndi nyemba, akufotokozerana za suti ija, aliyense akuwonjezera ufa. Pang'onopang'ono anayamba kutsanzika. Achimbuya anatsuka miphika, anazima moto, ndipo bana Mwila anavula jekete ija, anaikung'untha, anaipinda bwinobwino n'kupatsa Tisa. Pamenepo m'pamene ndinamuona mbuya wathuyo akulira koyamba, mwakachetechete, atatembenukira kukhoma. Anapita kwawo osatsanzika.

Dzuwa litalowa nyumba inali zii. Panja panatsala phulusa ndi maenje a zikhomo za tenti. Tisa anali atagona pabedi la mayi ake nsapato zili kumapazi. Ine ndinkasesa pabalaza, amalume atakhala pampando umodzi womwe tinalowetsa, kuseri kwa makutu kukadali ufa. Kuyambira dzulo lake tinali tisanalankhulane bwino.

Anapisa m'khoti n'kutulutsa chithunzi chija, chokulungidwa, n'kuchitambasula pamaondo. Chinali cha mdala wina atakhala yekha pamasitepe a khoti, chipewa chili pabondo, akuyang'ana chitseko chomangidwa ndi unyolo, dzuwa lili pamutu.

"Ine sininaviyanganepo," anatero. "Olo kamozi. Nenze kuyopa chabe."

Anandifunsa ngati m'nyumbamo muli hamala ndi misomali, ndipo ndinakatenga m'kabati ya kukhitchini. Ndinawauza kuti kuchipinda kuli malo abwino, kosafika alendo.

"Iyayi. Apa, poyangana chitseko."

Anaimirira movutikira, maondo akulira. Ndinagwira chithunzicho pakhoma pamene analoza, iwo n'kuyamba kukhoma, phokoso likumveka mpaka kumsewu. Msomali woyamba unapindika. Anapempha wina.